Pansi pa galaja: mupakepo chiyani kuti pakhalitse?

Pomanga nyumba, galaja ndiyo imakhala yomalizira. Ndalama zimakhala zitathera ku malata, ku mawindo ndi ku matailosi a pabalaza, ndiye mmisiri akafika ku galaja amangouzidwa kuti asalaze pansi, zinazo tidzaona mtsogolo. Mtsogolomo mukafika, pansi paja pali kale madontho akuda a oyilo, ming'alu iwiri itatu, ndi kafumbi ka simenti kosatha ngakhale musese m'mawa ndi madzulo.

Apa m'pamene ambiri timatsegula foni. Pa TikTok ndi pa Facebook pali makanema a magalaja onyezimira ngati galasi, munthu akuthira mankhwala pansi n'kumawaza tizidutswa tamitundumitundu pamwamba, ntchito yonse n'kutha mphindi isanakwane. Zimakopa ndithu. Koma kanemayo sakuonetsani masiku amene anathera pokonza konkire, ndipo sabweranso pakatha chaka kuti muone ngati zinakhalitsa. Popeza zambiri mwa zopakazi zimachokera kunja, mtengo wake umayenda ndi dola. Mukalakwitsa mumalipira katatu: kugula koyamba, kupala zimene zamatuka, ndi kugulanso.

Galaja si pabalaza

M'chipinda chogona mumangoponda mapazi. M'galaja mumaima galimoto. Ka Vitz kapena ka Passo kamalemera pafupifupi tani imodzi, Hilux imafika matani 2, ndipo kulemera konseko kumatsamira pa malo anayi okha, okula ngati chikhatho cha munthu wamkulu.

Vuto lalikulu ndi kutentha kwa matayala. Mukachoka ku Salima kapena ku Chikwawa masana a mu Okutobala, matayala amafika kunyumba ali moto. Akaima pa penti wopyapyala amamufewetsa n'kumamatirana naye. Usiku tayala limazizira n'kukhwinyata pang'ono, ndipo m'mawa mukamatuluka limanyamula penti uja. N'chifukwa chake m'magalaja ambiri opakidwa penti mumapeza zigamba zinayi pamene galimoto imaima, kwina konse kuli bwinobwino.

Pali oyilo wodontha ku injini, amene amalowa m'konkire ngati m'siponji. Pali brake fluid, amene amadya penti, ndi asidi wa m'batire, amene amadya simenti yeniyeniyo. Jeki ndi sitandi ya njinga yamoto zimakanikiza pamalo amodzi, ndipo mchenga wa m'matope a dzinja umapala pansi ngati sandipepa.

Komanso tinene zoona, kwathu kuno galaja sisunga galimoto yokha. Ndimo mumakhala matumba a chimanga, jenereta, mabatire a sola ndi feteleza. Feteleza wa CAN ndi sulphate of ammonia akatayikira pansi n'kunyowa, amawononga konkire pang'onopang'ono. Kwa ena galaja ndi saluni, kwa ena ndi kashopu, ndipo pa chinkhoswe ndimo amayi amayala mapoto. Musanasankhe chopaka, ganizirani ntchito zonse zimene galaja yanu imagwira pa chaka chathunthu.

Nkhani imayambira pa konkire

Chopaka chilichonse, kaya chodula bwanji, chimadalira konkire imene ili pansi pake. Ngati mudakali kumanga, muli ndi mwayi waukulu.

Silabu ya galaja ya galimoto wamba imafunika kuchindikala masentimita 10, pa dothi lotsinderedwa bwino. Pansi pake payalidwe pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi, lija la ma micron 250, lopanda zibowo, ndipo polumikiza mapepalawo apitirirane. Pepalali ndi lotchipa mukaliyerekeza ndi zina zonse, koma konkire ikathiridwa basi, mwayi woliika watha. Yang'ananinso manambala pa thumba la simenti: ya 32.5 kapena 42.5 ndiyo ya konkire, pamene ya 22.5 ndi yomangira njerwa ndi pulasitala. Auzeni amisiri apendeketse pansi pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kukhomo, kuti madzi azituluka okha.

Pali zizolowezi ziwiri za pa saiti zimene zimapha pansi. Choyamba ndi kuchulutsa madzi posakaniza kuti konkire isavute kuyala. Madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, ndipo pamwamba pamakhala pofumbutuka. Chachiwiri ndi kuwaza simenti youma pamwamba kenako n'kusalaza ndi chitsulo mpaka kunyezimira. Zimaoneka bwino tsiku lolandira makiyi, koma kakhungu ka pamwambako n'kopanda mphamvu, ndipo chopaka chikagwira pamenepo chimadzamatuka nako limodzi.

Simenti imafuna madzi kuti ilimbe. N'chifukwa chake silabu yatsopano imafunika kuithirira kapena kuifunditsa kwa masiku osachepera 7. Mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pa tsiku la 28, ndipo opanga epoxy ndi penti ambiri amalemba kuti musapake masiku amenewa asanakwane. Ikakhala nthawi ya mvula, dikirani kupitirira apo.

Kuyesa kosafuna ndalama

Kuyesa koyamba n'kwa chinyezi. Dulani pepala la pulasitiki loonekera, masentimita 45 mbali zonse, mulimate pansi ndi tepi m'mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, ndipo mulisiye maola osachepera 16. Mukamatula n'kupeza timadontho kunsi kwa pepala, kapena konkire yada pamalopo, ndiye kuti madzi akukwera kuchokera m'nthaka kapena silabu sinaumitsitse. Njirayi ndi yovomerezeka: bungwe la ASTM la ku America linaiika pa nambala D4263. Yesani malo atatu kapena anayi, makamaka m'makona ndi kufupi ndi khoma. Ngati puloti yanu ili kudambo, kuyesa mu Seputembala kungakunamizeni. Bwerezani mu Febuluwale, nthaka itakhuta madzi.

Chinyezi n'choopsa chifukwa epoxy salola nthunzi kudutsa. Madzi akamakwera n'kupeza potulukira patsekedwa, amatukula chopakacho, pamatuluka matuza, kenako zimang'ambika. Ufa woyera ngati mchere umene umaoneka pa konkire kapena m'munsi mwa khoma ukukuuzani zomwezo.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa dontho la madzi. Thirani supuni imodzi ya madzi pamalo osiyanasiyana. Akalowa msanga konkire n'kuda, ndiye kuti ingathe kumwa chopaka. Akangokhala pamwamba ngati pa tsamba la nthochi, pali chotchinga: oyilo, polishi kapena sealer wakale. Nyumba zambiri zili ndi vuto limeneli, poti tinakula tikukwecha pansi ndi Cobra Loweruka lililonse. Polishi ndi phula, ndipo palibe penti kapena epoxy amene amagwira pa phula. Ayenera kuchoka yense.

Zimene zilipo pamsika

Njira imene tonse timaidziwa ndi red oxide, ufa wofiira uja wosakaniza ndi simenti ya pamwamba. Mtundu wake uli m'kati mwa simenti, choncho palibe choti tayala linyamule, ndipo mmisiri aliyense amaitha. Kufooka kwake n'kwakuti oyilo amalowabe, ndipo polishi akanyowa amaterera.

Kenako pali penti wa pansi, wa chitini chimodzi. Pa zitini zina amalemba mawu oti epoxy, koma ngati chitini chili chimodzi chokha, ameneyo ndi penti wothiramo epoxy pang'ono. Amauma madzi kapena thina akauluka, n'kusiya kakhungu kopyapyala ngati pepala la m'kope. Ndi wabwino m'galaja yosungira katundu kapena njinga. Pansi pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, konzekerani kubwereza pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Epoxy weniweni amabwera m'zitini ziwiri, A ndi B. Mukazisakaniza zimagwirizana n'kusanduka pulasitiki yolimba yomamatira ku konkire. Anatulukiridwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo mmodzi mwa oyamba anali Pierre Castan wa ku Switzerland, amene ankafufuza zopangira mano oikirira. Lero ndi amene mumamuona pansi pa mafakitale ndi m'zipatala zina. Oyilo ndi petulo sizimulowa, ndipo akapakidwa mochindikala pa konkire yokonzedwa bwino amatha zaka zambiri. Zofooka zake ndi zitatu: dzuwa limamusandutsa wachikasu, akanyowa amaterera, ndipo amadana ndi chinyezi chochokera pansi.

Polyurethane anatulukiridwa ndi Otto Bayer ku Germany mu 1937. Mtundu wake wolembedwa kuti aliphatic susintha ndi dzuwa ndipo sukandika msanga, n'chifukwa chake amisiri odziwa amaupaka pamwamba pa epoxy ngati chotchinga chomaliza. Ngati galaja yanu ndi yopanda chitseko, kapena dzuwa limalowa mpaka pakati, muganizireni. M'bale wake ndi polyaspartic, amene kampani ya Bayer inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu amauma m'maola ochepa moti galimoto ingathe kulowa tsiku lotsatira, koma ndi wodula ndipo amalimbira m'manja mwa munthu wochedwa. Si woyeserera nokha Loweruka masana.

Pali njira ina imene simveka kwambiri poti sinyezimira pa kamera: densifier. Awa ndi madzi a silicate amene amalowa m'konkire n'kugwirizana ndi laimu wa m'simenti, pamwamba n'kulimba, fumbi n'kusiya. Sasiya kakhungu, choncho palibe chomatuka, ndipo nthunzi imadutsa. Kwa amene pepala lija lawaonetsa chinyezi, iyi ndi njira yodalirika kuposa epoxy. Kungoti sasintha mtundu wa konkire, ndipo oyilo akadontha muyenera kupukuta msanga.

Matailosi nawo amatheka, bola akhale a porcelain, amene amamwa madzi osakwana 0.5 peresenti ya kulemera kwake. Funani olembedwa PEI 4 kapena 5, okhakhala pamwamba. Chinsinsi chili poyala: zomatira zidzaze kunsi konse kwa tailosi. Chizolowezi chongoika timibulu tisanu chimasiya mphako, ndipo tsiku loyamba kuikapo jeki tailosi imasweka. Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Pamene pakulira ngati ng'oma pali mphako. Grout akhale wakuda kuti oyilo asaonekere. Matailosi onyezimira amene anatsala pabalaza musawalowetse m'galaja.

Kwa amene muli pa lendi, pali matailosi a PVC olumikizana okha popanda guluu, ochindikala mamilimita 5 mpaka 7. Amabisa ming'alu, ndipo tsiku losamuka mumawazula n'kupita nawo. Muziwatukula nthawi ndi nthawi chifukwa madzi ndi zinyalala zimalowa kunsi. Ngati mukufuna kupaka chokhalitsa pa nyumba ya eni, gwirizanani ndi alandilodi kaye, ndipo mgwirizanowo ulembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwe.

Masamu a malita

Pali masamu osavuta amene angakupulumutseni. Lita imodzi ikayalidwa pa sikweya mita imodzi imachindikala milimita imodzi. Galaja ya galimoto imodzi, ya mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, ndi masikweya mita 18. Kuti mukhale ndi chopaka chochindikala mamilimita 0.3, mukufunika malita 5.4.

Koma apa mpofunika kuwerenga chitini. Yang'anani pamene alemba solids, kutanthauza gawo limene limatsala pansi zikauma. Epoxy wa 100 peresenti amatsala yense. Wa 50 peresenti, theka lake ndi madzi kapena thina amene amauluka, choncho pa galaja yomweyo mukufunika pafupifupi malita 11. Chitini chotchipa chingathe kukhala chodula mukawerengera chonchi. Onjezaninso primer, wopaka woyamba amene konkire imamwa.

Galaja ya magalimoto awiri, ya mamita 6 mbali zonse, ndi masikweya mita 36. Munthu akakuuzani kuti aimaliza ndi malita 5, dziwani kuti chopakacho sichifika ngakhale mamilimita 0.15.

Kukonza pansi ndiye ntchito yeniyeni

Yambani ndi oyilo. Thirani degreaser, kwechani ndi burashi yolimba, tsukani, bwerezani mpaka dontho la madzi liyambe kulowa. Kenako pansi pakhakhalitsidwe. Njira yabwino ndi makina opala a diamond grinder, amene amachotsa kakhungu kofooka, polishi ndi penti wakale, n'kusiya konkire yokhakhala ngati sandipepa. Njira yotchipa ndi asidi wa hydrochloric wosungunulidwa, yemwe uja amathira m'madamu osambira. Asidiyu sachotsa oyilo, polishi kapena penti, ndipo mukamugwiritsa ntchito muyenera kutsuka kangapo n'kudikira masiku kuti paume. Posungunula, thirani asidi m'madzi. Mukathira madzi mu asidi amathovoka n'kukufalikirani kumaso.

Ming'alu ing'onoing'ono imatsekedwa ndi epoxy wa phala. Koma mng'alu umene ukukulirakulira, kapena umene mbali imodzi yakwera kuposa inzake, ukusonyeza kuti nthaka ikusuntha. Izi zimachitika kwambiri pa dothi la makande, limene limafufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe. Pamenepo mpofunika injiniya, chifukwa palibe chopaka chingagwire silabu imene ikuyenda.

Samalani ndi fumbi la konkire. Muli silica, amene amayambitsa matenda a m'mapapo a silicosis, omwe aja anazunza abambo ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku South Africa nthawi ya Wenela. Matendawa alibe mankhwala ochiza. Wopala avale masiki ya N95 kapena FFP2 kupita m'mwamba, ndipo apale ponyowetsa kapena ndi makina okoka fumbi. Masiki ya nsalu ija ya nthawi ya Covid siteteza. Ana ndi matumba a chimanga zikhale kutali.

Tsiku lopaka

Epoxy wambiri amafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 10 ndi 30. Nyengo yabwino kwathu kuno ndi ya chilimwe kusanayambe kutentha kwambiri, koma a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje apewe masiku a chiperoni, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimasiya chifunga ndi kunata pamwamba pa epoxy. Mu Okutobala vuto ndi lina: zosakaniza zimene zikanakupatsani mphindi 30 kapena 40 zimalimba msanga kwambiri. Sakanizani pang'onopang'ono, ndipo mukasakaniza thirani pansi pompo, chifukwa zikakhala m'ndowa zimadzitenthetsa zokha n'kuuma.

Tsatirani muyezo wa A ndi B monga momwe alembera, osangoyerekeza ndi maso, ndipo musalole kuthiramo thina pofuna kuchulukitsa. Ndi bwino kupaka masana akupita kumadzulo, silabu ikuyamba kuzizira. M'mawa ikamatenthera imatulutsa mpweya umene umasiya timabowo pa chopaka. Kupaka kwachiwiri nthawi zambiri kumafunika kuchitika maola 24 asanathe kuti zigwirane. Pa kupaka komaliza wazani kamchenga kosefa kouma kapena ufa wa aluminium oxide kuti agogo ndi ana asadzaterereke mvula ikagwa.

Valani magolovesi, chifukwa epoxy wosauma amayambitsa ziwengo. Tsegulani zitseko, ndipo mbaula, fodya ndi jenereta zikhale kutali ndi fungo la thina. Kuponda ndi mapazi mungathe pakatha tsiku limodzi, koma galimoto igone panja masiku 7. Ambiri amagwa apa, poopa akuba kapena pongofuna kuona mmene ziti zionekere.

Kwa abale a ku Britain vuto ndi kuzizira, poti epoxy salimba bwino kukazizira kupitirira madigiri 10 kutsika m'munsi, ndiponso mchere umene amawaza m'misewu nthawi ya chisanu umabwera ndi matayala n'kudya konkire. Ndipo kwa inu amene mukumangitsa kumudzi muli ku Johannesburg kapena ku London, pemphani zithunzi ziwiri: cha pepala lotchinga chinyezi konkire isanathiridwe, ndi cha zitini zosatsegula, zolemba zake zikuoneka.

Safunsa anadya phula

Musanapereke dipoziti, afunseni amisiri zinthu zingapo. Pansi akonza ndi chiyani, grinder kapena asidi? Chinyezi ayesa bwanji? Chopakacho dzina lake n'chiyani, solids yake ndi yotani, ndipo malita angati alowa? Apaka kangati? Mtengo pa sikweya mita ukuphatikiza kukonza pansi ndi kutseka ming'alu? Pemphaninso kukaona galaja imene anapaka zaka ziwiri zapitazo, momwe mumaima galimoto tsiku ndi tsiku. Zithunzi za tsiku lomaliza ntchito zonse zimakongola. Mmisiri amene akuti angosesa n'kupaka lero lomwe, muthokozeni mwaulemu n'kufuna wina.

Ndiye musankhe chiti?

Ngati konkire yanu ndi youma ndi yolimba, nyumba ndi yanu ndipo thumba likulola, primer, epoxy wa solids yochuluka ndi polyurethane pamwamba ndiyo njira imene imapirira matayala, oyilo ndi dzuwa. Ngati pepala laonetsa chinyezi, pitani ku densifier kapena ku matailosi a porcelain oyalidwa bwino, ndipo konzani ngalande kuti madzi a padenga asamathere m'mbali mwa galaja. Ngati muli pa lendi, PVC. Ngati galaja ndi yosungira katundu basi, penti wa pansi kapena red oxide akukwanira, ndipo matumba a chimanga ndi feteleza akhale pa mathabwa.

Ngati chaka chino ndalama sizikukwana, musathamangire chitini chotchipa. Ikani thireyi yachitsulo kapena katoni pansi pa injini kuti oyilo asalowe m'konkire, lekani kupaka polishi m'galaja, ndipo yesani pepala lija kawiri, dzinja ndi chilimwe. Konkire yoyera yosapakidwa kanthu ndi yosavuta kukonza kuposa imene ili ndi penti womatuka, ndipo tsiku limene ndalama zidzapezeke mudzakhala mukudziwa kale chimene pansi panu pakufuna.